Chingwe cha Mano Asanu

Mjigo wa kwa Mtambalika sunkapatsa madzi munthu wosamudziwa. Banja lililonse linkalowetsapo chingwe chake chamagetsi cha pulagi ya mano atatu, makina n'kulizindikira, madzi n'kutuluka.

Amene anasintha zimenezi anali Gwedeza, mkamwini wa pamudzipo, mwamuna woti anayamba n'kukonza mawailesi mpaka kukakhala m'komiti ya bungwe la amisiri kunja kwa dziko. Atakangana miyezi isanu ndi inayi, a komitiwo anagwirizana kuti zingwe zonse zikhale za mano asanu. Mjigo unasinthidwa, zingwe zatsopano zisanafike.

Pobwerako, Gwedeza anapeza anthu a pamudzipo atha masiku atatu opanda madzi.

"Alamu, mayiko makumi anayi avomereza," anatero akudziguguda pachifuwa. "Dzanja loyamba kukwezedwa linali langali."

"Limeneli?" anafunsa mlamu wake Sitolo, akupinda chingwe chakale chija pawiri.

Chinalira pamkono, kenako pamsana, kenako pakamwa penipeni. Gwedeza anagwera m'ndowa zouma, akulavula magazi pamodzi ndi mano awiri.

Mkazi wake, Nangondo, anatola manowo m'fumbi n'kumuikira m'manja pamodzi ndi chingwecho.

"Atatu a chingwe, awiri anuwa, akwana asanu. Dzukani, bambo a komiti, mukatitungire madzi."