Malemu Amene Anasainira Ndege

Panali munthu wina mumzinda waukulu, anthu ankangomuti Bolopeni chifukwa m'thumba la malaya ake simunkasowa mabolopeni atatu. Nkhaniyi ndi yoona, amene anandiuza anaona ndi maso ake.

Kampani ina inkafuna kubweretsa timatakisi touluka, toyendera magetsi, tonyamula anthu anayi kudutsa pamwamba pa nyumba. Koma inafuna idziwe kaye kuti okwera alipo angati ndipo ali mbali iti. Inalemba ntchito Bolopeni n'kumupatsa mafomu mazana atatu. Ankayenera kuima pasiteji ya akabaza, anjinga zamoto aja, n'kumafunsa odutsa kuti, "Mungakwere? Kangati pa sabata?" Kenako alembe dzina ndi nambala ya foni, munthuyo asaine.

Tsiku loyamba dzuwa linamuwamba. Mayi wina anamuyankha kuti, "Ndege? Ine makwerero enieniwa ndimachita nawo chizungulire!" Ena anangomudutsa ngati chitsa. Anaweruka ndi mafomu asanu ndi awiri basi, ndipo wovomera anali mmodzi, woledzera. Masiku enawo mkuluyu anakathera ku saluni kwa chibwenzi chake. Eya, analinso nacho, musadabwe.

Tsono mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, anali mlembi wa akabaza a pasitejipo. Buku la mayina a mamembala ankalisungitsa kwa mlongo wakeyo, pamwamba pa kabati, poti kwake kunkadontha. Tsiku lopereka mafomu litayandikira, Bolopeni analitsitsa bukulo n'kukhala nalo patebulo.

"Bambo a ana, buku la achimwenelo mukulitani?" anafunsa mkazi wake.

"Ndikungobwereka mayina. Ndiwadya ngati?"

"Dzina la munthu sabwereka. Mudzandiphetsera achimwene inu."

"Za kafukufuku ukuzidziwa iwe? Kagulitse nthochi zako uko."

Anakopera buku lonse kuyambira tsamba loyamba, dzina ndi dzina, akusinthasintha mabolopeni kuti zioneke ngati manja ambiri. Aliyense anamulembera kuti adzakwera kasanu pa sabata.

Akampani ataona anasangalala: palibe malo ena mumzinda monse amene anali ndi okwera ambiri chonchi! Anapeza chilolezo choti pasiteji pomwepo amange potera ndege zawo. M'mawa wina anafika ndi lole yodzaza malata otchingira malowo. Bolopeni anabwera nawo atavala jekete, akudikira kuyamikiridwa.

Akabaza anatseka msewu ndi njinga zawo. "Ana athu adya chiyani mukatichotsa pano?"

Bwana wa kampani anakwera pa lole mafomu ali m'manja. "Mukukana chiyani abale? Mwasaina nokha!" Anayamba kuwerenga mayina mokweza.

Phokoso linatha pang'onopang'ono. Mayinawo ankabwera mundondomeko yomweyo imene mlembi amawaitanira pamsonkhano, moti ena anayamba kutchula dzina lotsatira bwana asanaliwerenge. Kenako bwana anawerenga dzina la wakabaza amene anagundidwa ndi basi chaka chatha. "Kasanu pa sabata," anatero.

Mkulu wake wa malemuyo, chimunthu chotchedwa Chigayo, anavula chipewa chake cholimba chija.

"Mng'ono wanga ndinamukwirira ndi manja angawa. Wasaina liti?"

Maso onse anatembenukira kwa mlembi.

"Watigulitsa! Wagulitsa ndi akufa omwe!"

"Abale anga, buku lija ine..."

Sanamalize. Chigayo anamuphwanya nacho chipewa pakamwa, mano awiri pansi. Ena anabwera ndi matcheni a njinga, ena ndi masipanala. Miyala inaswa magalasi a lole, bwana anathawa nsapato imodzi itatsala. Bolopeni anabisala kuseri kwa malata akusuzumira. Anamva mkono wa mlamu wake ukuthyoka ngati nkhuni youma, koma iye anangoyamba kubisa mabolopeni m'sokosi.

Mkazi wake ankagulitsa nthochi tsidya la msewu. Anataya beseni, n'kudzigwetsa pamwamba pa mchimwene wake, tcheni linamupeza pamsana.

"Musiyeni! Buku linali kwanga! Wolemba ndi uyo ali kuseri kwa malatayo, mwamuna wanga!"

Akabaza anamukoka Bolopeni ndi miyendo, jekete ikusesa fumbi.

"Pepani mabwana, inali ntchito chabe! Mayi a ana, auzeni!"

"Auzeni nokha za kafukufukuzo," anatero mayiyo akupukuta magazi a mchimwene wake.

"Unkalemba ndi dzanja liti?" anafunsa Chigayo.

Bolopeni anabisa lamanja kumbuyo, basi yankho linali lomwelo. Analigoneka pamphepete pa msewu n'kulisinja ndi sipanala mpaka apolisi anafika ndi utsi wokhetsa misozi.

Kampani inalongedza malata ake n'kupita. Chigayo anamangidwa. Mlamu uja mpaka lero mkono sutha kugwira chiwongolero, ana ake akuleredwa ndi mlongo wake, amene sanabwererenso ku banja. Wa ku saluni uja sanapite n'komwe kukazonda.

Tsiku lotuluka m'chipatala, namwino anamubweretsera Bolopeni fomu. "Sainani apa, bambo." Bolopeni anayang'ana dzanja lake losinjidwa lija. Namwino anangotsegula kabokosi ka inki, n'kumudinditsa ndi chala chachikulu cha kumanzere.

Phunziro: Akakutuma kukafunsa anthu, kafunse anthuwo, usawayankhire. Bodza la papepala limadzawerengedwa mokweza pagulu, ndipo limayamba kupweteka wosalakwa. Abambo, mkazi akakuchenjezani imvani. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka aja oyenda ndi mafomu.