Chitunda Chakuseri kwa Sukulu

Karsang Tamang analowa mu ofesi ya aphunzitsi osagogoda n'komwe, akukoka mwana wake Lhamu padzanja ngati mbuzi yopita kumsika.

Malikisi amodzi! Amodzi okha basi ndiwo anamanitsa mtsikanayo malo aulere kusukulu yogonera komweko ya mumzinda wa Pokhara, ndipo zotsatira zinali zoti zitumizidwe masana omwewo. Lhamu anangonena kuti walakwa funso la Chingerezi lokhudza chitunda chakuseri kwa sukulu, n'kuyamba kulira. Zotsalazo Karsang anadzimalizira yekha. Nanga si a Jha, mphunzitsi wa Chingereziyo, kwawo n'kuchigwa, kumene chulu amachivulira chipewa?

"Aphunzitsi, mwandiputa dala!" anakalipa Karsang, akumenya tebulo. "Zaka makumi awiri ndikuperekeza azungu m'mapiri muno. Chingerezi cha mapiri mungandiuze chiyani inu? Mountain ndi phiri lofunda chipale chofewa chaka chonse. Peak ndi nsonga yake, kumene munthu amapuma ngati akuba mpweya. Koma icho? Chimene akazi athu amakwera kukamweta udzu wa njati zoweta n'kubwerako tiyi asanazizire? Ndi hill! Chitunda!"

"Bambo a Lhamu, takhalani pansi kaye."

"Sindikhala! Konzani pepala la mwana wanga lisanachoke muno."

"Ngati ndalakwitsa ndikonza," anatero a Jha mofatsa. "Ndiye mwana atalemba kuti chimenecho ndi mountain, ndimuchite chiyani?"

"Ziro! Kaya ndi mwana wa nduna, ziro! Ameneyo ndi mbuli, ndipo makolo ake achite manyazi."

Lhamu anakoka malaya a bambo ake. "Ababa, tiyeni tizipita."

"Khala chete iwe, ndikukumenyera nkhondo!"

A Jha anatsegula kabati, natulutsa pepala, naliyala patebulo.

"Tagwirizanatu. Yankho lake ndi hill, monga mwaneneramu. Tawerengani apa."

Karsang anawerama. Zilembo zinali za Lhamu ndithu, zozungulira bwino, zosafufuta paliponse: mountain. Anatembenukira mwana wake.

"Iwe, zimenezi wazitenga kuti?"

"Kwa inu, ababa," anayankha Lhamu, misozi ili chuchuchu. "Mukakwera nawo azungu pamwamba paja mumawauza kuti ndi mountain, kuti azijambulitsa akusekerera. Ine ndimayesa Chingerezi chenicheni n'chanucho."