Kuki Imene Inaulula Phwando la Amayi

Panali munthu wina wokonza mawebusaiti, amene kwawo ankamutcha Katswiri chifukwa sankafuna kuuzidwa kanthu. Ndi iyeyo anakonza webusaiti ya shopu yosoka zovala ya amayi ake.

Amayiwo atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60, ana awo anapangana zowachitira phwando mwachinsinsi. Katswiri anawonjezera tsamba lobisika pa webusaiti yomweyo, la /phwando, loti abale azikambiranapo. Anaikanso kuki, timawu timene bulawuza, pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imasunga n'kumatipereka kumasamba a webusaiti, kuti izikumbutsa aliyense tsiku ndi mtundu wa keke.

Mchemwali wake wamkulu, wa ntchito yomweyi, anasuzumira n'kugwira pakamwa.

"Iwe, pa njira ya kukiyi, posonyeza masamba amene izipita, walemba kamzere ka / kokha? Ndiye kuti izipita tsamba lililonse. Lembapo /phwando. Domeninso, adiresi ya webusaiti ija, waika yonse. Komanso dzina waipatsa kukiyi loti 'uthenga' ndi lomwe tsamba la shopu limawerenga!"

"Achemwali, musandiphunzitse ntchito. Amayi ndi makompyuta n'kutali."

Katswiri anayesera zonse pa kompyuta ya mushopu, n'kuchoka akuimba likhweru. M'mawa mwake amayi anatsegula tsamba la shopu pa kompyuta yomweyo kuti aone maoda. Pamwamba, pamene pamakhala moni wa makasitomala, panali mawu akuti: "Loweruka phwando la amayi. Keke ya chokoleti. ASADZIWE!" Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu ya kasitomala, koma sanauze munthu.

Loweruka abale anabisala kuseri kwa makatani, ena pansi pa tebulo. Chitseko chinatseguka. Amayi analowa atavala diresi yatsopano yodzisokera, tsitsi lili mwaa, anzawo asanu ali pambuyo.

"Tulukani, ana inu, mapazi akuoneka. Zikomo kwambiri! Koma chokoleti chimandipweteka m'mimba, ndiye ndinaimbira mayi amatiphikira makeke uja. Ikubwera ya mandimu."

Katswiri anatuluka chokwawa. "Amayi, wakuuzani ndani?"

"Webusaiti yako, mwanawe. Ndi yolongolola kuposa azakhali ako."

Nyumba yonse inagwa nacho chiseko, ndipo azakhaliwo ndi amene anaseka kwambiri. Anavina mpaka miyendo kuwawa. Kuyambira tsiku limenelo palibe amamutchanso Katswiri. Ngakhale amayi ake amangoti Kamzere.

Phunziro: Kuki ilibe chinsinsi, imapita kulikonse kumene mwailoleza. Ipatseni domeni ndi njira yake yokha, ndipo wina akakuchenjezani, mverani. Tumizirani uthengawu Katswiri wa kwanu asanaulule phwando lanu.