Mkamwini Amene Anamanidwa Shuga Pamaliro

Panali munthu wina ku Kaumbwe, dzina lake Josphat Daka, amene ankadwala matenda a shuga ndipo ankadzibaya jekeseni m'mawa uliwonse. Anesi a ku Petauke anamuuza kuti abwere ndi mkazi wake, Febby, adzamve kasamalidwe kake.

"Odwala ndimwe, ine nikachiteko chani? Nili na nshawa zokumba," anayankha Febby.

Chimene anatola kwa anzake pachitsime n'chimodzi: wodwala shuga asalawe shuga. Basi, anadziyesa dokotala.

Tsiku lina bambo ake a Febby anamwalira ku Nyimba. Josphat anabaya jekeseni wake n'kuthamangira basi asanadye kanthu. Atangofika anamupatsa khasu kuti akakumbe nawo manda. Chakudya chinkadikira kuti maliro aikidwe, ndipo ndi mkamwini uti angapemphe mbale kwa apongozi anthu akulira?

Dzuwa lili paliwombo anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, lilime litalemera. Anadzandira mpaka kumene amayi ankaphika.

"Amake Karen, nipaseniko shuga pang'ono," anapempha Febby.

"Shuga? Mufuna mufele pano, anthu akambe kuti nakupayani ndine?"

Luckson, mchimwene wa Febby, anamugwira pamkono. "Mulamu aledzela awa. Kachasu pamalilo ya atata? Manyazi mulibe!"

Anamukokera kuseri kwa nkhokwe n'kumugoneka kuti mowa uthe m'mutu. Munthu wosamwa n'komwe! Odutsa ankamuloza n'kumapukusa mitu. Apa m'pamene pamandiwawa ine: abale onsewo, wopita kukamuyang'ana panalibe.

Anthu atabwerako kumanda anakamudzutsa kuti adye. Sanadzuke. Anamunyamula pangolo, koma anafika naye kuchipatala atazizira kale.

Adokotala atamva mmene zinayendera anati, "Shuga anatsika m'thupi chifukwa anabaya jekeseni osadya. Masupuni ochepa m'madzi, bambowa akanakhala moyo. Kodi panalibe shuga pamalilopo?"

Febby anangogwetsa nkhope. Shuga analipo, thumba lathunthu, wothira mu tiyi wa alendo.

Phunziro: Matenda a shuga si a wodwala yekha, ndi a nyumba yonse. Akakuitanani kuchipatala pitani mukamve nokha, musamatole mankhwala pachitsime. Mbale wanu akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuyankhula zosamveka, musathamangire kuti waledzera. Ngati akutha kumeza, m'patseni chotsekemera ndipo fulumirani naye kuchipatala. Tumizani nkhaniyi kwa achibale anu onse, makamaka aja odziwadziwa.