Tsiku Limene Khoti Linakwiya

Chitsulo chinali pa tebulo la umboni, chitakulungidwa m'pulasitiki. Mayi wosoka zovala anachizindikira ali pa benchi ya kumbuyo kwenikweni. Chinali chidutswa cha paipi chimene mwamuna wake, wowotcherera mageti, ankasunga kuseri kwa chitseko, ati n'cha akuba. Wakuba sanachilawepo n'kamodzi komwe.

Mayiyo anakhala mopendekeka, ndodo yoyendera ili pakati pa miyendo. Chibwano chinali chikadali chotupa, moti mawu ankatuluka ngati a munthu amene akutafuna nsanza. Mng'ono wake anali atamugwira dzanja.

Mwamunayo anaima m'kabokosi ka oimbidwa mlandu atavala malaya amene mkazi yemweyo anamusokera. Tsiku limene apolisi ankamukweza m'galimoto anasiya lonjezo pamaso pa anthu: "Ndikangotuluka, ndidzakumaliza." Bambo ameneyu geti amakulonjeza sabata ino n'kudzakupatsa mwezi wa mawa, koma malonjezo a mtundu uwu sanaphonyepo. Mayiyo ankachita mantha. Khoti likamumasula lero, makina osokera aja asanduka a mng'ono wake.

Njira ya ku polisi ankaidziwa ngati ya kumsika. Ulendo woyamba, wapolisi wa pa kauntala anayang'anitsitsa diso lotupalo n'kufunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, abambo munawalakwira chiyani?" Ulendo wina anamuuza kuti galimoto ilibe mafuta. Atapita ndi dzino m'manja, apo ndiye anagwira ntchito: anamuitanitsa mwamunayo, kuwakhazika pa benchi imodzi, kuwapatsanitsa chanza, n'kuwakumbutsa kuti banja ndi kupirira. Awiriwo anabwerera limodzi kunyumba, ndipo chifukwa chochititsa bambo manyazi pagulu, dzino lachiwiri linatsatira linzake. Khoti nalo linayesako. Linapereka pepala loletsa mwamunayo kuponda pakhomo, iye n'kuyatsira fodya.

Koma Loweruka limene chitsulocho chinagwira ntchito, galimoto inapezeka ndi mafuta. Inafika ikulira, magazi asanaume pabwalo, apolisi akudumpha isanaime n'komwe.

Pa benchi ya kutsogolo panakhala bwana wa nyumba yoyandikana nayo, mkulu wa apolisi, amene mpanda wake wautali umagundana ndi kanyumba kawo ka lendi. Zaka zonsezi kulira kwa mayiyo kunkadumpha mpandawo koma osapeza khutu. Lero bwanayo anabwera yekha, maso ali psuu, mpango uli m'manja.

Dokotala analowa atavala jombo, n'kulumbira mwachangu.

"Mwendo unathyoka pawiri, bwana woweruza. Nthiti zinasweka, chibwano chinaguluka. Mpaka pano kutafuna sakutha, timachita kumupatsa zofewa."

"Achira?"

"Achira, koma azitsimphina moyo wake wonse."

Khoti lonse linang'ung'udza. Mayi wina pakona anapukusa mutu n'kutsonya. Wosoka zovala anagwira nthiti zake pang'onopang'ono, poti kupuma kwambiri kunkamubaya.

Woimira boma pa mlandu ananyamula chitsulocho m'mwamba kuti aliyense achione. Anali atakonzeka ngati wa ukwati, mafunso ali m'dongosolo, mboni zonse zilipo, palibe chosowa ngakhale chimodzi. Wowotcherera mageti anayesa kunena kuti anali atalawako pang'ono, ndipo mkwiyo unamupitirira. Mawu amenewa anamupulumutsa kambirimbiri pa kauntala paja. Lero anangogwera pansi.

Woweruza anavula magalasi. Anali yemwe uja wa pepala loyatsira fodya, yemwe tsiku limenelo ankayasamula akusaina. Lero tulo tinali titamuthawa.

"Wolakwiridwayu sangathe kudziyankhulira yekha," anatero. "Ndiye khoti lino limuyankhulira. Analakwa chiyani? Munthu wanzeru zake kunyamula chitsulo, kumenya, iye akulira, inu osaleka? Nkhanza zotere sitizisekerera m'dziko la malamulo. Ena atengerepo phunziro."

Anamusambitsa chokweza kwa nthawi yaitali, kenako anagamula: chaka chathunthu m'ndende, akugwira ntchito yakalavulagaga, popanda za chindapusa.

Anthu anaomba m'manja mpaka mlonda wa khoti anawaletsa. Mkulu wa apolisi anapukuta m'maso n'kukagwira chanza woimira boma. Potuluka anadutsa pafupi ndi benchi ya kumbuyo, nsapato yake n'kugunda ndodo ya mayiyo. Sanacheuke.

Unyolo utalira m'manja mwa mwamunayo, iye anatembenuka kufunafuna mkazi wake m'chigulumo. Atamupeza anamwetulira, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati munthu amene akuti tionana. Mayiyo sanagwetse nkhope. Mtima unakhala pansi koyamba chikwatiwire, ndipo misozi inayamba kutsika yokha.

"Achemwali, zatha," anatero mng'ono wake akumudzutsa. "Tiyeni mukapume."

"Tidzere kaye kogulitsa nyama. Ndikufuna chiwindi."

"Ndi chibwano chimenechi? Mutafuna bwanji?"

"Si changa."

Dandaulo lake la Loweruka lomwelo apolisi anali atalibweza kale, ati za m'banja mukakambirane kunyumba. Amene khoti linamuyankhulira anali galu wa mkulu wa apolisi uja, galu yemwe anamva kukuwa, n'kutulukira pa geti, n'kulandirako chitsulo chimene chinatsala.

"Chaka sichichedwa," anatero mayiyo akutsamira ndodo. "Adye, achire msanga. Bambo akadzatuluka, galuyu ndidzamufunanso."