Ndamva Kale ndi Ntchito ya ku Fakitale

Panali munthu wina wokonza magetsi amene anzake anam'patsa dzina loti Ndamva Kale. Amene anandiuza nkhaniyi amakhala naye mpanda umodzi, ndiye musati ndapeka.

Ntchito ankaidziwa, pamenepo tisamunamizire. Pafoni pake anali ndi kapulogalamu kosonkhanitsa nkhani. Umangokauza mawebusayiti amene ukufuna, kaya a nyuzipepala, kaya a makampani olemba ntchito, ndipo chilichonse chatsopano chimabwera chokha pamalo amodzi. Kachipangizo kabwino zedi. Vuto linali mwiniwake. M'mawa uliwonse ankangotsetsereza chala pa mitu ya nkhani, osatsegula ngakhale imodzi, kenako n'kudina poti zonse zawerengedwa. Akatero ankatuluka chifuwa chili patsogolo. Uyambe kumuuza za mpira, za ngozi, ngakhale za maliro a kwanu komwe, usanafike pakati wakudula kale pakamwa ndi mawu ake aja.

Ndiye fakitale ina ya mabotolo inalengeza kuti ikufuna wamagetsi mmodzi wokhazikika. Mkuluyu anali atatopa ndi maganyu, kukwawa m'madenga a eni limodzi ndi makoswe, lero ntchito mawa kulibe. Analembera, ndipo anaitanidwa ku mayeso a Lachisanu. Anaitanidwanso mnzake wina amene ankagwira naye maganyu. Mnzakeyo kapulogalamu kaja anachita kumuikira ndi mkuluyu yemwe, ndipo mkuluyu ankakonda kumuseka kuti amawerenga nkhani ngati akusankha nyemba.

Kumayambiriro kwa sabata kunabwera chidziwitso cha fakitale cha mutu woti "Kusintha kwa mayeso a ntchito". Kamzere ka pansi pake kanati mayeso asamukira ku ofesi yaikulu. Anakaona, n'kugwedeza mutu. Mawa lake kunabweranso china cha mutu womwewo. Iye anati ndi chomwe chija, chala n'kudutsa. Koma m'kati mwake munali zina: mayeso awabweza, achitika Lachinayi.

Mnzake uja anatsegula n'kuwerenga. Anaimba foni, osayankhidwa, mwiniwake ali m'denga. Choncho anadzera kunyumba n'kusiya uthenga kwa mkazi wake.

Madzulo mayiyo anadikira kuti bambo asambe kaye, kenako anayamba mwaulemu kuti kunabwera alamu, akuti za mayeso zasintha.

"Ndamva kale."

"Akuti ndi Lachinayi, bambo."

Mkuluyu anaseka mpaka kutsokomola. Anati ntchito ndi imodzi, oifuna ndi ambiri, ndipo mnzakeyo akungofuna kumusokoneza mutu. Anati iye nkhani zimamupeza zisanazizire, sangachite kuzimvera kukhitchini.

"Ndiye tsegulani foniyo tionere limodzi," anatero mayiyo.

Foni inali m'manja, kutsegula kunali kungodina kamodzi. Koma kutero kukanakhala kuvomera kuti pali nkhani imene mkazi wake anayamba kuimva iye asanaimve. Anaiponya m'thumba n'kufunsa ngati malaya ake oyera achapidwa. Mayiyo zinamuwawa.

Lachinayi mkuluyu anakhala pakhonde tsiku lonse akupukuta zida zake. Lachisanu anavala malaya aja, tayi pakhosi, chikwama paphewa, ulendo ku ofesi yaikulu. Pageti panali zii. Mlonda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumuuza kuti mayeso anachitika dzulo, munthu anasankhidwa kale, ayamba Lolemba. Atafunsa kuti ndani, mlondayo anafotokoza maonekedwe ake. Anali mnzake wosankha nyemba uja.

Pomwepo anatulutsa foni n'kufufuza chidziwitso chija. Anachitsegula. Zonse zinali momwemo, tsiku lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, likumudikira masiku onsewa m'thumba mwake. Mlonda anachita kumubwereka mpando.

Anabwerera kunyumba wapansi, tayi ali m'thumba. Anapeza mkazi wake akuyanika zovala. Anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali, manyazi atamugwira, kenako anayamba motsitsa mawu.

"Mayi, ntchito ija..."

Mayiyo sanatembenuke n'komwe. Anakung'untha shati, n'kuipachika pachingwe.

"Ndamva kale," anatero.

Phunziro: Kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba. Mutu wa nkhani si nkhani, tsegulani muwerenge mpaka pansi, makamaka ikakhala ya ntchito. Ndipo munthu akayamba kukuuzani zinthu, mulekeni amalize, foni yanu sikuposa anthu okufunirani zabwino. Tumizani uthengawu kwa abale ndi anzanu amene akusaka ntchito. Wina akakuyankhani kuti anaumva kale, ameneyo mutumizireninso kachiwiri.