Mzere wa a Andreya

Ndinaiwala foni m'chipinda cha makompyuta kusukulu kwathu ku Pembamoyo, ndiye kutangoda ndinabwererako ndi tochi.

Masana ake ndinkakonza zomanganso kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa malaputopu athu okalamba aja. Pamndandanda wa zosankha pali mzere wa dibagi. Ukauyatsa, kompyuta imalemba chilichonse chochitika m'kati mwake. Malemu a Andreya, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, sankauzimitsa. Ine unkandinyansa chifukwa umachedwetsa makina, ndiye ndinauzimitsa n'kuweruka.

Alonda athu, a Tembo, anandichingamira pageti.

"Aphunzitsi, mwatuluka nthawi yanji? Ndimamva mukutayipa m'katimu."

"Ine ayi, bambo. Makiyi ndi awa."

Loko anali chitsekere. Koma m'kati laputopu imodzi inali yoyaka. Mzere uja unali utayatsidwanso, kenelo itamangidwa kale, ndipo pasikilini pankatsika uthenga umodzimodzi, wakuti batire latentha kwambiri.

Nditaligwira linandiwotcha chala. Linali litatupa, ndipo pambali pake panali makatoni a mapepala a mayeso a ana athu. Ndinalizula n'kukaliponya pamchenga panja, pomwepo linayamba kufuka utsi.

Ndinabwerera pakhomo pa chipindacho, pomwe a Tembo anali ataima.

"Zikomo, a Andreya," ndinanong'ona. "Sindidzauzimitsanso."

Mumdimamo mpando wakale wa a Andreya unalira, monga umalirira munthu akamadzukapo. A Tembo anavula chipewa, napatuka pakhomo kupereka njira.